Ndere zandikwana m'thanki ya madzi amchere, thandizeni

Lachiwiri madzulo

Wa ku Chilenje:
Akuluakulu, mwaswera bwanji pagulu pano? Ine ndabwera ndi vuto, mtima wandithera. Thanki yanga ya madzi amchere ndi ya malita 300, yatha miyezi 8. Poyamba kunabwera kafumbi kabulauni pamchenga, kanatha kokha. Koma kuyambira mwezi watha miyala yonse yamera ndere zobiriwira, zazitali ngati tsitsi. Ndikazula Loweruka, pofika Lachitatu zabwerera. Dzulo ndapeza zakwera pa makorali anga a zoa, timaluwa take sitikutsegukanso. Ndayeza madzi, nitrate ili pa 2, phosphate pa 0. Nanga nderezi zikudya chiyani ngati m'madzimo mulibe kanthu? Nsomba ndili ndi clownfish ziwiri, royal gramma imodzi ndi kagobi. Nkhono zinali zisanu, zatsala ziwiri.

Madala a ku Woodlands:
Pepani mphwanga. Ziro ameneyo asakunamizeni. Munda ukadzaza udzu, woyeza dothi amapeza feteleza watha, osati chifukwa mwini munda sanathire, koma udzu wamwa kale. Ndere zimatenga phosphate m'madzi nthawi yomweyo ikangotuluka, ndiye choyezera chanu chimapeza m'mbale mopanda kanthu. Phosphate yanu ili m'tsitsi lobiriwiralo, ndi m'miyala.

Tandiuzeni, madzi owonjezera mumawatenga kuti? Nyale zimayaka maola angati? Ndipo pakhomo panu amene amadyetsa nsomba ndi ndani?

Wa ku Chilenje:
Zikomo madala. Nyale zimayaka maola 12, nthawi zina kuposa chifukwa malaiti akazima timer imasokonekera. Za madzi ndinene zoona. Makina osefera madzi a RO ndili nawo, koma amafuna madzi othamanga, ndipo malaiti akapita pampu ya borehole nayo imaima. Ndi kutentha kwa Okutobala kuno ndinaika fani pamwamba pa thanki, madzi akuphwa malita anayi kapena asanu pa tsiku. Ndiye masiku ambiri ndakhala ndikungotunga mu dramu la madzi a borehole n'kuthira. Ndi oyera bwino, timamwa omwewo.

Amai a ku Makeni:
Vuto lanu ndi limenelo achimwene. Suzumirani m'ketulo yanu muone zoyera zomwe zamatirira pansi. Lusaka yakhala pamwala wa laimu ndi dolomite, ndipo mwala umenewu ndi wa ming'alu ndi mapanga. Zotuluka m'zimbudzi zokumba ndi m'ma septic zimatsika msanga kukafika ku madzi apansi, n'chifukwa chake ma borehole ambiri m'tauni muno amakhala ndi nitrate. Maso saiona. Ine kuno ku famu ndinayeza madzi a borehole yanga ndi choyezera chomwecho cha thanki, botolo linasintha mtundu ndisanamalize n'kuwerenga masekondi.

Ganizirani msuzi uli pamoto. Madzi akamaphwa, mchere sumatuluka nawo, umatsala mumphika. Inu tsiku lililonse mumathira malita asanu, amaphwa madzi okhaokha, zonse zimene anabwera nazo zimatsala. Mwezi umodzi ndi malita 150, theka la thanki yanu.

Mnyamata wa ku Chelstone:
Akulu musavutike, pitani ku pharmacy mukagule fluconazole, mutsegule makapisozi muthire. Masabata awiri ndere zonse zayera mbee. Ine ndinachita, zinatheka. Kapena tulutsani miyala yonse muiwiritse mumphika, mubwezere yoyera.

Anesi a ku Kabwata:
Ayi ayi, chonde, MUSAWIRITSE miyala imeneyo. Achimwene a ku Chilenje anena kuti ali ndi zoa. Zoa zina, makamaka za mtundu wa Palythoa, zili ndi poizoni wotchedwa palytoxin, mmodzi mwa oopsa kwambiri amene amadziwika. Mukawiritsa mwala umene pali ngakhale kachidutswa kake, poizoniyo amakwera ndi nthunzi, banja lonse n'kupuma. M'maiko akunja mabanja athunthu anagonekedwapo m'chipatala chifukwa cha zimenezi, kubanika, kutentha thupi, chifuwa. Ngakhale kukwecha mwala ndi burashi kunja kwa madzi, valani magolovesi ndi magalasi, ana akhale patali, musambe m'manja mukamaliza.

Za fluconazole nazo ndinenepo. Ndi mankhwala a anthu, ndipo alipo odwala amene moyo wawo umadalira mankhwala amenewa. Wina asatenge a m'bale wake kunyumba kuti akathire m'thanki.

Mnyamata wa ku Chelstone:
Pepani anesi, za poizoniyo sindinkadziwa. Yanga inalibe zoa. Ndachotsa mawuwo ku gulu lina kumene ndinalembanso.

Aphunzitsi a ku Matero:
Mwachita bwino kuchotsa. Tsopano tiyeni tidziwe kaye mdani wake. Achimwene, zulani kachingwe kamodzi, muike m'sosala yoyera ndi timadzi pang'ono, muyang'ane pafupi. Ngati ndi ulusi wamba wofewa, wosalala, wothothoka mosavuta, ndi ndere za tsitsi zimene ambiri timadutsamo. Ngati kachingwe kalikonse kali ndi timanthambi mbali zonse ziwiri ngati nthenga ya nkhuku, ndipo pozula kamalimba ngati kali ndi mizu m'mwala, ameneyo ndi Bryopsis. Bryopsis ndi namsongole wa m'thanki, nkhono zambiri sizimudya, ukadula pamwamba amaphukira pansi. Fluconazole amene akunena mnyamatayu amagwira bwino pa Bryopsis. Pa ndere za tsitsi amachedwa, ndipo ndere zikafa zimabweza phosphate yonse m'madzi. Ngati madzi a borehole akulowabe, mwezi wotsatira mudzayambiranso.

Wa ku Chilenje:
Ndayang'ana aphunzitsi. Palibe nthenga, ndi ulusi chabe, woterera.

Madala a ku Woodlands:
Ndiye thokozani, mwapeza chopepukirapo. Mankhwala asiyeni.

Yambani ndi madzi. Gulani kamita ka TDS, koyeza zosungunuka m'madzi, ngati mulibe, sikodula. Madzi otuluka mu RO akadutsa mu DI, sefa yomaliza ya timikanda ta resin, ayenera kuwerenga 0. Madzi a kuno ndi olimba, amamaliza DI resin msanga, ndiye ngati yanu ndi ija yosintha mtundu ndipo yafika pa bulauni, yatha ntchito. Malaiti akabwera, ngakhale pakati pa usiku, tsegulani makina mudzaze zigubu ziwiri zitatu za malita 20 zikhale zosungira. Ine ndimatero. Madzi amene RO imataya ndimathirira masamba kuseri, sapita pachabe.

Kenako kupalira ndi manja. Zimitsani mapampu, tengani paipi yaing'ono yokokera madzi, chala chimodzi chizitsina ndere pakamwa pa paipi, zonse zizipita m'ndowa osati kuyandama m'thanki. Mwala umene ulibe korali mutha kuutulutsa n'kuukwecha ndi mswachi m'beseni la madzi akale a m'thanki. Chilichonse chimene mwatulutsa ndi feteleza amene wachoka m'nyumba. Nyale tsitsani zifike maola 8, ndipo muchepetse zoyera, zabuluu zikhale. Ngati dzuwa la pawindo limagunda galasi, ikani katani.

Chinthu china chimene anthu sakonda kumva: miyala ya laimu imagwira phosphate ngati siponji. Mukayeretsa madzi, miyala imayamba kubweza pang'onopang'ono imene inasunga. Ndiye musayembekeze kuti Loweruka likubwerali zitha. Werengani miyezi iwiri, itatu.

Funso langa lachitatu simunayankhe.

Wa ku Chilenje:
Ndafunsa pakhomo. Ine ndimadyetsa madzulo ndikaweruka. Sindinkadziwa kuti mwana wanga wamkazi, wa giredi 3, amakwera pampando m'mawa uliwonse asanapite kusukulu n'kuthira chakudya chodzaza kadzanja, akuti clownfish zimamuyang'ana ndi njala. Mayi ake nawo masana amaponyamo pang'ono. Kabotolo kamene kamatha miyezi itatu katha mwezi umodzi, ine osazindikira.

Amai a ku Makeni:
Musamukalipire mwanayo, ndi chikondi. Koma chakudya cha nsomba ndiye khomo lalikulu la phosphate. Ife alimi timadziwa, D compound ndi urea ukathira pamalo amodzi chimamera ndi chilichonse. Onani mtsinje wa Kafue momwe namasupuni amadzazira pamene madzi ali ndi zonyansa zambiri. Chakudya choundana cha mufiriji muzichisungunula m'kapu, madzi ake mutaye, muthire nyama yokha.

Wa mbuna, Kalingalinga:
Ine wanga ndi madzi opanda mchere, ndimaweta mbuna, koma ndiloleni ndiponyepo. Kwathu ku Mangochi, ukamira pamiyala ya ku Cape Maclear, miyala yonse ili ndi ndere, koma zazifupi ngati ndevu zometa dzulo. Chifukwa chake mbuna zimakhala zikupala tsiku lonse, mpaka umamva kuthetheka m'madzi. Ndere sizisowa m'nyanja, zimangokhala ndi ozidya. Nkhono ziwiri m'malita 300 zingathe bwanji?

Aphunzitsi a ku Matero:
Mwalasa. Ndi za m'nyanja zamchere zomwe. Mu 1983 ndi 1984 matenda anapha ma urchin, tinyama ta minga yaitali todya ndere, a mtundu wa Diadema antillarum, ku Caribbean konse, oposa 90 pa 100 alionse. Ku Jamaica nsomba zodya ndere zinali zitachepa kale chifukwa cha usodzi, ndiye ma urchin atafa panalibenso wopalira. M'zaka zochepa ndere zinaphimba matanthwe amene kale anali a makorali. Zimene zikuchitika pa zoa zanu ndi zomwezo, kungoti m'galasi.

Nkhono zabwino kwa ife ndi Trochus, chifukwa zikagwa chagada zimadzitembenuza zokha ndipo zimapirira kutentha. Turbo zazikulu za ku Mexico zimadya kwambiri koma kutentha kwa Okutobala sizikugwirizana nako, komanso zimagwetsa makorali osamatidwa. Cerith ndi za pamchenga ndi m'ming'alu. Nassarius musagule poganiza ndere, zija zimadya zotsala za nyama basi. Tuxedo urchin mmodzi amagwira ntchito ya nkhono zambiri, kungoti amanyamula tinthu n'kudziveka pamsana, ndipo amapalanso coralline, ndere zolimba zapinki zimene timazifuna.

Ndipo mbuzi imakonda msipu wanthete, osati udzu wokhwima. Muzule kaye zazitali, nkhono zidzazisunga zazifupi.

Mnyamata wa ku Chelstone:
Bwanji tang? Yellow tang kapena kole amadya ngati makina.

Madala a ku Woodlands:
Tang ndi nsomba yosambira mtunda. M'thanki yosafika masentimita 120 m'litali ine sindingaike, imakhala yopanikizika, imadwala white spot n'kupatsira zinzake. Kugula nsomba kuti ithetse vuto la miyezi iwiri, pamene iyo ikhala zaka khumi, si bwino. Ndiponso nsomba iliyonse imadya n'kuchita chimbudzi momwemo.

Za nkhono zitatu zinafazo, mphwanga, yezani mchere ndi refractometer. Uyenera kukhala 1.025 kapena 1.026 osasinthasintha. Ngati madzi amaphwa malita asanu inu n'kuthira onse kamodzi, mchere umakwera n'kutsika tsiku lililonse, nkhono sizipirira zimenezo. Zatsopano muzizizoloweretsa madzi modontheza, ola lathunthu. Yakufa ichotseni msanga, ikaolera momwemo ndi chakudya chinanso cha ndere.

Wa ku Chilenje:
Ndamva zonse. Mutu umodzi susenza denga, zikomo kwambiri. Ndidzabwera ndi lipoti.

Patapita masabata anayi

Wa ku Chilenje:
Akuluakulu, ndabweranso, ndipo sindikudziwa ngati ndapita patsogolo kapena m'mbuyo. Madzi a borehole ndinasiya, resin ndinasintha, TDS ili pa 0. Ndinapeza Trochus zisanu ndi chimodzi ndi urchin mmodzi. Ndere zobiriwira zatha pafupifupi zonse. Koma ndinawonjezera zanga. Ndinathira GFO, mankhwala okoka phosphate, kapu yodzaza mu reactor, kachitini kodutsamo madzi, ndimasintha madzi malita 60 kawiri pa sabata, nsomba ndimadyetsa kamodzi pa masiku awiri, mwana ndinamuletseratu. Tsopano kwabwera zina, zabulauni, zonanda ngati mamina, zili ndi timathovu kunsonga. Zili pamiyala, pagalasi, mpaka pa makorali. M'mawa nyale zisanayake thanki imaoneka yoyera, pofika masana zadzaza. Trochus ziwiri zagona chagada sizikuyenda. Nitrate 0, phosphate 0.

Mnyamata wa ku Chelstone:
Si cyano imeneyo? Yanga inali ndi thovu.

Aphunzitsi a ku Matero:
Cyano imakhala ngati kansalu kofiirira kapena kakuda, ukaipemerera ndi paipi imasendeka yonse ngati chikopa, ndipo kwenikweni ndi bakiteriya. Diatom ndi kafumbi kabulauni kamene munaona poyamba paja, kamadya silicate, sikananda. Izi zonanda, za timathovu, zosowa usiku n'kubwera masana, nkhono n'kumafooka, ndikuopa kuti ndi dinoflagellates, timaselo tosambira timene timangoti dino.

Yesani izi lero. Kokani pang'ono ndi madzi ake muike m'botolo, mukhutchumule mwamphamvu mpaka zonse zisungunuke, musefe pa tishu yolimba ya kukhitchini kulowa m'tambula yoyera, muike pansi pa nyale. Pakatha ola, ngati m'madzi osefedwawo mwayambanso kupangika timaulusi tonanda, ndi dino. Timaselo take timasambira, timadutsa pa sefa n'kukagwirananso. Cyano ndi diatom sizichita zimenezo.

Wa ku Chilenje:
Ndachita. Mphindi 40 zokha, timaulusi tabulauni tayamba kulendewera pakati pa tambula.

Madala a ku Woodlands:
Apa ndiyenera kuvomera mbali yanga. Ndinakuuzani zochotsa feteleza, sindinakuuzeni poimira. Ziro woyamba uja anali wabodza, uyu ndi weniweni, ndipo ndi woipa kuposa woyamba. Thanki ya makorali sifuna madzi opanda kanthu. Makorali ali ndi tindere tawo m'thupi, zooxanthellae, timene timafuna nitrate ndi phosphate pang'ono. Tizilombo tabwino ta pamiyala ndi mumchenga natonso timafuna kudya. Mukazimana zonse, zimafooka, malo amatsala opanda mwini, ndipo dino amene amatha kukhala ndi moyo pa chakudya chochepetsetsa amalanda bwalo. Ine zinandichitikira chaka chachiwiri, ndinataya nkhono zonse ndi makorali awiri amene ndinawasunga kuyambira ali tizidutswa. Mpaka lero zimandiwawa.

Chotsani GFO lero lomwe. Kusintha madzi imani kaye masabata angapo. Dyetsani nsomba tsiku lililonse, kawiri. Cholinga nitrate ifike pakati pa 5 ndi 10, phosphate pakati pa 0.05 ndi 0.1, ndipo zikhale pamenepo. Tindere tobiriwira tikayambanso pagalasi musadandaule, pa nkhondo iyi ndi abwenzi.

Anesi a ku Kabwata:
Ikaninso activated carbon yatsopano, muzisintha sabata iliyonse, chifukwa mitundu ina ya dino imatulutsa poizoni ndipo ndi amene akugwetsa nkhonozo. Zofookazo zipatuleni m'kabeseni ka madzi oyera amchere ndi kapampu ka mpweya. Inunso magolovesi, ndipo paipi musayambitse ndi pakamwa. Mukamva maso kuyabwa kapena kukhosi kukanda mukugwira ntchito pa thanki, tsegulani mawindo, mutuluke panja.

Mnyamata wa ku Chelstone:
Nanga kuphimba thanki ndi makatoni masiku atatu, mdima wokhawokha? Ambiri amati zimatha.

Madala a ku Woodlands:
Zimachepa, inde, thanki imatuluka yowala. Koma ngati madzi akadali pa ziro, sabata imodzi zabwerera, ndipo makorali ofooka kale mwawamananso kuwala. Ine ndingachite mdima pambuyo, manambala atakwera.

Aphunzitsi a ku Matero:
Pano mpamene mtundu wake umafunika, chifukwa mankhwala ake si amodzi. Ndili ndi ka microscope kanga kunyumba. Bweretsani madzi m'kabotolo Loweruka m'mawa, mutenge masana a Lachisanu pamene zachuluka, musaike mufiriji. Ostreopsis amaoneka ngati njere ya chitowe, mbali imodzi yosongoka, ndipo amazungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo. Ameneyo ndi wapoizoni, koma usiku amachoka pamiyala n'kuyandama m'madzi, ndiye nyale ya UV imamupha akamadutsa. Amphidinium wamkulu amakhala pamchenga, usiku amalowa pansi, UV simupeza. Poti zanu zikusowa usiku ndipo nkhono zikugwa, ndikuganiza Ostreopsis, koma tione ndi maso.

Loweruka masana

Wa ku Chilenje:
Ndachokera kwa aphunzitsi. Ndaona ndi maso anga, tinjere ta chitowe tagolide, mazanamazana, tikuzungulira m'kadontho kamodzi. Ndinapita ndi mwana, naye anasuzumira, anakhala chete nthawi yaitali kenako anafunsa ngati timeneti timamva njala. Ndi Ostreopsis. Funso langa, UV ndiipeza, koma usiku ndi pamene malaiti amakonda kuzima kwathu. Inverter yanga ndi yaing'ono.

Amai a ku Makeni:
Pa inverter choyamba ndi pampu yoyendetsa madzi, china chilichonse pambuyo. Madzi amchere ofunda amasunga mpweya wochepa, akaima maola angapo usiku nsomba zimayamba kupuma mothamanga. Chilala cha 2024 chija, madzi atatsika ku Kariba, tinaphunzira ndi misozi. Nyale zikhoza kudikira tsiku lonse, heater mwezi uno simukuifuna n'komwe. UV ndi kapampu kake sizidya moto wambiri, werengani ma watts pa zomata zake muphatikize ndi a pampu, muone ngati batire ingafike m'mawa. Ndili nayo UV imene sindikugwiritsa ntchito, ndikubwerekani, babu lake ndinasintha chaka chino. Khalaninso ndi kapampu ka mpweya ka mabatire a tochi.

Madala a ku Woodlands:
Muiike kuti izikoka madzi m'thanki yeniyeniyo ndi kubwezera momwemo, osati mu sump, kathanki kosefera ka pansi, ndipo madzi azidutsa pang'onopang'ono kuti kuwala kuwapeze. Nyale zikangozima, pemererani miyala ndi kapampu kuti ambiri ayandame. Ndipo mphwanga, nthawi ino sinthani chinthu chimodzi, mudikire sabata, muone. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kutentha nako kuyang'aneni, 25 kapena 26 ndiye pabwino, ikapitirira 28 ikani botolo la madzi oundana mu sump.

Wa mbuna, Kalingalinga:
Ndipo mwana mumubwezere ntchito yake.

Patapita masabata ena atatu

Wa ku Chilenje:
Lipoti. UV yagwira usiku uliwonse kupatula masiku awiri pamene batire inatha. Pofika tsiku lachisanu mamina aja anachepa kwambiri, tsopano atsala pakona imodzi kuseri kumene madzi sayenda bwino, ndatembenuzira pampu kumeneko. Nitrate 5, phosphate 0.06. Trochus imodzi mwa ziwiri zija inafa, inayo yachira, m'mawa uno ndaipeza yalambula kanjira kokhotakhota pagalasi lobiriwira. Ndere za tsitsi zayambanso pang'ono pamwala wapamwamba, ndikuzula Loweruka lililonse ndi paipi monga munandiphunzitsira madala, urchin akumalizitsa. Mwana ndinamupatsa kasupuni kakang'ono ka mankhwala, amadyetsa m'mawa mlingo umodzi n'kuchonga pa kalendala. Zoa zatsegula timaluwa 14, iye ndi amene amawerenga.

UV ndizimitse liti?

Aphunzitsi a ku Matero:
Ipitirire masabata ena awiri pakona paja patayera, kenako mubweretsenso kabotolo tione ngati atsalamo.

Amai a ku Makeni:
Isungeni mpaka aphunzitsi anene, sindikuifuna msanga. Chaeto yanga, ndere zimene timaweta dala kuti zizidya nitrate ndi phosphate, yadzaza mu sump, Loweruka ndikolola. Ndikusungirani kadzanja, koma muike dino akatheratu, ndipo muziyatsa nyale yake usiku maola ochepa poyamba kuti isakubwezereni pa ziro. Ndidzakhala m'tauni cha m'ma 10 koloko, bwerani ndi chigubu chaching'ono chotseka bwino.

Mnyamata wa ku Chelstone:
Amai, ngati itsale nanenso ndikufunako. Ndipo alipo amene akuchokera ku Johannesburg mwezi uno? Resin yanga yasanduka bulauni, TDS yayamba kuwerenga 3.

Madala a ku Woodlands:
Ndili ndi paketi imodzi yosatsegula, bwera udzatenge mawa ukaweruka, udzabweza yako ikafika. Mpaka nthawiyo usathire madzi amenewo m'thanki.